MBATATA YA KACHEWERE MONGA AMAIPHIKIRA KU INDIA

Mwezi uno tikambirana za chakudya chimene tonse timachidziwa, ndicho mbatata ya kachewere, imene ena amaitcha mbatatesi. Ngakhale mbatatayi imapezeka m'misika yathu yambiri, ambiri a ife timaiphika m'njira ziwiri zokha. Timaiwiritsa m'madzi a mchere n'kumwera tiyi, kapena timaikazinga m'chiwaya chodzaza mafuta kuti ikhale chipisi. Njira yoyamba ija imakhutitsa mimba, koma thupi limatsala ndi njala ya zinthu zina zofunika. Njira yachiwiri imatha mafuta ndi ndalama, ndipo ikakhala ya tsiku ndi tsiku imanenepetsa thupi mopanda phindu.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ku India kuli mabanja miyandamiyanda amene sadya nyama kapena nsomba chibadwire, ndipo mbatata ya kachewere sisowa m'miphika yawo. Luso lawo lagona pa mfundo imodzi: mbatata siyenda yokha. Imayenda ndi masamba, ndi zanyemba, ndi mkaka wowawasa, ndiponso ndi mafuta pang'ono amene mwakazingidwa zokometsera. Mfundo imeneyi ndiyo tifuna kuti muitole, makamaka inu amayi ndi abambo amene pakhomo panu nyama imaoneka mwa apo ndi apo. Dziwani kuti m'nkhani yonseyi tikati mbatata tikunena ya kachewere, osati ya kholowa ayi.

MMENE MBATATA INAFIKIRA KU INDIA

Kwawo kwenikweni kwa mbatata imeneyi ndi ku mapiri a Andes ku South America, m'dera la Peru ndi Bolivia, kumene anthu anayamba kuilima zaka zikwi zingapo zapitazo. Anthu a ku Spain ndiwo anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Amalonda a Chipwitikizi, amene anali ndi madoko monga Goa kugombe la kumadzulo kwa India, anaifikitsa kumeneko, ndipo inafala kwambiri m'nthawi ya ulamuliro wa Angerezi. N'chifukwa chake anthu a ku Mumbai ndi madera ozungulira amaitcha batata, dzina limene anamva kwa Apwitikizi, limenenso lifanana ndi liwu lathu lakuti mbatata. Kumpoto kwa India amaitcha aloo.

Lero India ndi dziko lachiwiri pa ulimi wa mbatata pa dziko lonse lapansi, kutsatira China, ndipo limakolola matani oposa 50 miliyoni pa chaka. Zigawo zimene zimalima kwambiri ndi Uttar Pradesh, West Bengal ndi Bihar. Kumeneko amaibzala m'nyengo yozizira m'zigwa za mtsinje wa Ganges, pakuti mbewu imeneyi sikonda kutentha, monga mudziwa kuti kuno kwathu imachita bwino ku malo okwera ndi ozizira a Dedza, Ntcheu ndi Neno. Mu 1949 boma la India linakhazikitsa malo ofufuzira za mbewuyi otchedwa Central Potato Research Institute, amene likulu lake lili ku Shimla.

MBALE YOPANDA NYAMA

Kusadya nyama ku India kumachokera ku chipembedzo ndi mwambo. Ahindu ambiri, pamodzi ndi a chipembedzo cha Jain, amakhulupirira kuti si bwino kupha chamoyo. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti akuluakulu 39 mwa 100 alionse m'dzikolo amati sadya nyama.

Nanga amadya chiyani? Mbale ya banja wamba imakhala ndi zinthu zinayi. Choyamba ndi chokhutitsa, ndicho mpunga kapena chapati. Chachiwiri ndi dal, ndiwo ya zanyemba zochotsa makoko, yofanana kwambiri ndi chipere chathu. Chachitatu ndi sabzi, ndiko kuti ndiwo zamasamba, mmene mbatata imalowa kawirikawiri. Chachinayi ndi dahi, mkaka wowawasa wonga chambiko.

Zakudya zimenezi si zachilendo kwenikweni kwa ife. Amwenye ambiri amene anakhazikika ku Limbe, Blantyre, Zomba ndi Lilongwe makolo awo anachokera ku chigawo cha Gujarat, ndipo samusa ndi chapati tinazizolowera kalekale. Nandolo amene amalimidwa m'maboma a kumwera kwa Malawi amagulitsidwa wambiri ku India, kumene amamuphika dal. Mu 2021 maiko awiriwa anasainirana pangano lakuti India azigula matani 50,000 a nandolo pa chaka kwa zaka 5. Kodi n'kwanzeru kugulitsa nandolo yense, ana athu n'kutsala ndi mbatata ya m'madzi?

Sitikunena kuti muleke nyama, nsomba kapena mazira ayi. Zimenezi n'zofunika, makamaka kwa ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Pali vitamini B12 amene amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama, ndipo Amwenye osadya nyama amamupeza mu mkaka. Chimene tikunena n'chakuti tsiku limene usipa wasowa, banja lingathe kudya bwinobe.

KODI MU MBATATA MULI CHIYANI?

Mbatata ndi chakudya chabwino, koma tiyenera kudziwa malire ake. M'magalamu 100 a mbatata yaiwisi, pafupifupi magalamu 80 ndi madzi okhaokha. Magalamu 17 ndi chakudya chopatsa mphamvu, ndipo magalamu 2 okha ndiwo omanga thupi. Mulinso vitamini C, amene amathandiza kuti zilonda zipole ndi kuti nkhama zikhale zolimba, ndiponso mchere wa m'thupi wotchedwa potaziyamu, umene umathandiza mtima ndi minofu. Mafuta mulibemo, kupatula amene tathira tokha.

Pa magulu 6 a zakudya amene mumaphunzira kusikelo, mbatata ili m'gulu la zakudya zokhutitsa, pamodzi ndi nsima, mpunga ndi chinangwa. Si ndiwo zamasamba ayi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, koma pa muyeso umenewu mbatata siwerengedwa. Motero mwana amene wadya nsima ndi mbatata yokazingira matimati wadya zokhutitsa kawiri, koma zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda wadya zochepa.

Tsono taonani chimene chimachitika mbatata ikapeza anzake. Nandolo wouma ali ndi magalamu oposa 20 omanga thupi pa magalamu 100 alionse. Masamba obiriwira kwambiri, monga mpiru, bonongwe ndi nkhwani, amapereka vitamini A woteteza maso, pamodzi ndi ayironi wowonjezera magazi. Mafuta pang'ono amathandiza thupi kutenga vitamini A ameneyu, ndipo vitamini C wa mu mbatata, matimati ndi mandimu amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi zanyemba. Chilichonse chimathandiza chinzake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo m'mphika namonso ndi momwemo.

ZOKOMETSERA NDI KAKAZINGIDWE KAKE

Anthu ena amaganiza kuti chakudya cha Amwenye chimafuna zokometsera zambiri za mtengo wapatali. Si choncho ayi. Ndiwo za masiku onse zimafuna zochepa, ndipo zambiri tili nazo kale: anyezi, adyo, jinja, tsabola, matimati ndi mandimu. Kuwonjezera apo pali zitatu izi:

1. Njere za mpiru. Mpiru umene timalima m'dimba ndi mtundu womwewo umene Amwenye amalima. Siyani mitengo ingapo ichite maluwa, ndipo njere zikauma zisungeni m'botolo. Njere zogula m'sitolo kuti mubzale musadye, chifukwa kawirikawiri zimakhala zothira mankhwala.

2. Haldi. Uwu ndi ufa wachikasu wochokera ku mizu yofanana ndi jinja. M'masitolo umalembedwa kuti turmeric. Ndiwo umene umapereka mtundu wachikasu ku ufa wa kale. Ngati haldi palibe, ufa wa kale ugwira ntchito yomweyo.

3. Jeera. Izi ndi tinjere tating'ono totalika, tonunkhira, timene m'masitolo timalembedwa kuti cumin. Tikasowa, njere za mpiru zikwanira.

Chinsinsi chachikulu chili pa kakazingidwe, kamene Amwenye amakatcha tadka. Fungo la zokometsera zimenezi limatuluka bwino m'mafuta otentha kusiyana ndi m'madzi. Terekani mphika wouma pa moto, thirani mafuta masupuni aakulu awiri, ndipo akatentha ponyanimo njere za mpiru. Posachedwa ziyamba kuthetheka ndi kudumpha, choncho vundikirani pang'ono. Kuthetheka kukachepa thirani anyezi, ndipo akafewa thirani adyo, jinja ndi tsabola. Zokometsera za ufa, monga haldi, zilowe pomalizira, moto uli wochepa, chifukwa zimapserera msanga ndi kuwawitsa ndiwo. Mafuta asafike pofuka utsi. Pa nthawi imeneyi ana akhale kutali ndi mafuwa.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti masupuni awiri a mafuta amakometsa ndiwo ya banja lonse, pamene chipisi chimafuna botolo lathunthu. Chinanso, ndiwo ikanunkhira bwino ndi kuwawasa pang'ono sifuna mchere wambiri. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kuti supuni yaing'ono imodzi yosadzaza. Mchere wake ukhale wa ayodini.

Maphikidwe onse ali m'munsimu ndi okwanira banja la anthu 5 kapena 6.

1. BATATA BHAJI: MBATATA YOUMA YOKAZINGIRA

Iyi ndi ndiwo ya ku Maharashtra, chigawo chimene muli mzinda wa Mumbai.

Zofunika: mbatata zapakatikati 6, anyezi 1, mafuta masupuni aakulu 2, njere za mpiru supuni yaing'ono 1, haldi theka la supuni yaing'ono, tsabola pang'ono, mchere pang'ono, ndimu 1, mtedza wokazinga wosinja dzanja limodzi.

Kaphikidwe: Tsukani mbatata bwinobwino ndi kuiwiritsa yosasenda kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, kufikira mpeni utalowa mosavuta. Kuphika ndi makoko kumasunga vitamini C, amene amasungunuka m'madzi mbatata ikakhala yosenda ndi yoduladula. Ikazizira isendeni ndi zala, muidule zidutswa zonga chala chachikulu. Kazingani njere za mpiru, anyezi, tsabola ndi haldi monga tafotokozera. Thirani mbatata ndi mchere, tembenuzani mosamala kuti isaphwanyike, ndipo vundikirani kwa mphindi 5 pa moto wochepa. Mukaphula wazani mtedza ndi kufinyira ndimu. Mtedza ukhale wosankha bwino, wopanda chuku. Ndiwo imeneyi iperekedwe pamodzi ndi chipere kapena masamba.

2. ALOO SAAG: MBATATA NDI MASAMBA

Saag ndi dzina la masamba obiriwira kumpoto kwa India. Ku Punjab amakonda kwambiri masamba a mpiru, ndipo bonongwe nayenso amadyedwa m'madera ambiri.

Zofunika: mbatata 4, masamba a mpiru, bonongwe kapena nkhwani mitolo ikuluikulu 2, anyezi 1, matimati 2, adyo tizidutswa 4, jinja kachidutswa kamodzi, mafuta masupuni aakulu 2, jeera kapena njere za mpiru, haldi, mchere.

Kaphikidwe: Tsukani masamba musanawadule, osati mutawadula, kuti zofunika zisapite ndi madzi. Sendani mbatata mopyapyala ndi kuidula tizidutswa tating'ono. Kazingani zokometsera, thirani matimati, ndipo akafewa thirani mbatata ndi theka la kapu ya madzi. Vundikirani kwa mphindi 10. Mbatata ikatsala pang'ono kupsa, thirani masamba pamwamba ndi kuvundikiranso kwa mphindi 5 kufikira 7. Takasani, ndipo phulani masamba akadali obiriwira. Musathire soda kapena chidulo, chifukwa zimaononga mavitamini. Madzi otsala m'mphika musataye, ndiwo msuzi wake.

3. DAL NDI MBATATA: CHIPERE CHA NANDOLO

Pa zonse zimene talemba muno, iyi ndiyo ndiwo yofunika koposa kwa ana amene akukula. Kumwera kwa India, ku Tamil Nadu ndi ku Kerala, amaphika nandolo pamodzi ndi masamba osiyanasiyana ndi bwemba, ndipo amaitcha sambar. Kawirikawiri amathiramo zitheba zanthete za mtengo wa cham'mwamba.

Zofunika: nandolo wouma makapu 2, mbatata 3, matimati 3, anyezi 1, adyo, jinja, haldi, njere za mpiru, mafuta masupuni aakulu 2, bwemba pang'ono kapena ndimu, masamba a cham'mwamba dzanja limodzi ngati alipo.

Kaphikidwe: Nyikani nandolo m'madzi usiku wonse. M'mawa mtikiteni ndi manja, kapena kumsinja pang'ono mumtondo, kuti makoko achoke, ndipo tsukuluzani makokowo ayandame. Kunyika kumafupikitsa nthawi yophika, motero nkhuni sizitha zambiri. Terekani nandolo ndi makapu 6 a madzi ndi haldi pang'ono. Chotsani thovu limene limabwera pamwamba. Nandolo akayamba kufewa thirani mbatata yoduladula ndi matimati, ziphikire limodzi kufikira zonse zitapsa. Vundulani ndi mthiko kuti msuzi ukhale wokhuthala. Thirani masamba a cham'mwamba, mchere, ndi madzi a bwemba amene mwanyika ndi kusefa. Tsono m'chiwaya chapadera kazingani njere za mpiru, anyezi, adyo ndi jinja, ndipo khuthulirani zonsezi pamwamba pa chiperecho. Vundikirani msanga kuti fungo lisathawe. Khobwe, nyemba kapena mphodza zingalowe m'malo mwa nandolo.

4. ALOO CHOKHA: MBATATA YOPOTA NDI MABILINGANYA

Ichi ndi chakudya cha anthu a m'midzi ya ku Bihar, ndipo chimatha nkhuni ndi mafuta ochepa kwambiri.

Zofunika: mbatata 5, mabilinganya aakulu 2, matimati 2, anyezi 1, adyo, tsabola, mafuta supuni yaikulu 1, mchere, ndimu.

Kaphikidwe: Wiritsani mbatata ndi makoko ake. Pamene ikuwira, ikani mabilinganya ndi matimati pa makala m'mbali mwa mphika, muzitembenuza kufikira khungu litada ndipo m'kati mwafewa. Sambani m'manja ndi sopo, chotsani khungu lopsereralo, sendani mbatata, ndipo potani zonse pamodzi ndi mthiko. Ku Bihar amathiramo anyezi wosaphika ndi mafuta a njere za mpiru. Inu mungathe kukazinga anyezi, adyo ndi tsabola m'mafuta amene muli nawo, n'kusakaniza. Malizani ndi mchere ndi ndimu. Chakudya chimenechi n'chofewa, choyenera okalamba amene mano anatha ndiponso odwala amene ayamba kuchira.

5. ALOO RAITA: MBATATA YA M'CHAMBIKO

Raita amadyera pambali pa ndiwo zina, kuti aziziritse ukali wa tsabola. Dulani mbatata 2 zophika tizidutswa tating'ono, muzisakanize ndi makapu 2 a chambiko. Kazingani jeera m'chiwaya chopanda mafuta, msinjeni, ndi kuwaza pamwamba pamodzi ndi kamchere pang'ono. Mungawonjezere nkhaka kapena matimati otsuka bwino. Ngati chambiko mukupanga nokha, yambani mwawiritsa mkaka, chifukwa mkaka wosawiritsa ungathe kufalitsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena. Mkaka umapereka zomanga thupi, zolimbitsa mafupa ndiponso vitamini B12 uja.

KUSINTHASINTHA MALINGA NDI NYENGO

Mukadziwa kakazingidwe kaja, ndiwo zina zonse zimatsata njira yomweyo. Mbatata ndi nsawawa ndiyo aloo matar. Mbatata ndi therere lobala ndiyo aloo bhindi, ndipo kuti therere lisatelere amalitsuka ndi kuliumitsa asanalidule, n'kulikazinga popanda madzi. Ku Gujarat amaphika mbatata ndi mabilinganya ndi nandolo wamuwisi. Kabichi ndi zitheba nazonso zimalowa. Lamulo lake ndi ili: masamba kapena zanyemba zichuluke m'mphika kuposa mbatata.

Ku India kulinso zakudya za mbatata zokazinga m'mafuta ambiri, monga samusa ndi batata vada. Zimenezi n'zokoma, koma zili m'gulu limodzi ndi chipisi. Zikhale za mwa kamodzikamodzi. Mafuta amene akazingidwa mobwerezabwereza kufikira kuda sayenera kulowanso m'chakudya.

Ndiwo zonsezi zimadyeka ndi nsima, mpunga kapena chapati. Koma popeza mbatata nayo ndi yokhutitsa, tsiku limene ilipo chepetsani mitanda ya nsima ndi kuchulukitsa chipere ndi masamba. Tiyi amwedwe patapita ola limodzi kapena awiri chidyere, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi.

ANA NDI ODWALA

Mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe kulandira zakudya zina, uku akuyamwabe kufikira zaka 2 kapena kuposerapo. Kamimba ka mwana n'kakang'ono, ndipo mbatata yokha imakadzaza msanga ndi madzi. Motero patulani gawo lake musanathire tsabola ndi mchere, mupote mbatata pamodzi ndi chipere ndi masamba, ndi kuthiramo supuni yaing'ono ya mafuta kapena nsinjiro. Mwana wamng'ono musampatse mtedza wosasinja, ungamtsamwe. Akhale ndi kambale kakekake kuti muone mmene wadyera. Pitani naye kusikelo mwezi uliwonse, ndipo ngati sakukwera sikelo, kapena mapazi ayamba kutupa, musazengereze kuuza anamwino.

Odwala matenda a shuga adziwe kuti mbatata imakweza shuga m'magazi msanga, makamaka ikakhala yopota. Adye yochepa, pamodzi ndi zanyemba ndi masamba ambiri, ndipo asaiphatikize ndi nsima yambiri pa chakudya chimodzi. Odwala kuthamanga kwa magazi achepetse mchere ndi kudalira ndimu, adyo ndi jinja kuti ndiwo ikome. Amene ali ndi matenda a impso afunse dokotala asanachulukitse mbatata, chifukwa potaziyamu angawachulukire m'thupi. Amene amamva kutentha pamtima kapena ali ndi zilonda za m'mimba achepetse tsabola. Ndiwo zimenezi zimakoma ngakhale popanda tsabola.

Tikuchenjezeninso za chinthu chimodzi. Pali anthu amene amanena kuti haldi, jinja ndi adyo zimachiza shuga, khansa ndi matenda ena aakulu. Zimenezi ndi zokometsera chakudya, si zolowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala ayi. Musasiye mankhwala amene adokotala anakupatsani.

CHENJERANI NDI MBATATA YOBIRIWIRA

Mbatata ikakhala pa dzuwa kapena powala imasanduka yobiriwira, ndipo ikakhalitsa imaphuka. M'malo obiriwirawo ndi m'mphukira mumachuluka poizoni wotchedwa solanine, amene amayambitsa nseru, kusanza, kupweteka m'mimba ndi kutsekula. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika. Ngati pobiriwira ndi pang'ono, dulanipo mozama ndi kukolowola maso onse amene aphuka. Ngati mbatata yabiriwira kwambiri, yafota, kapena ikuwawa m'kamwa, itayeni, ndipo ana asailawe n'komwe. Mbatata yoyamba kubiriwira isaphikidwe ndi makoko.

Sungani mbatata pa malo amdima, ozizira, ouma ndi opita mphepo, monga m'dengu kapena pa thandala m'nyumba. Musaitsuke musanaisunge, ndipo musaitsekere m'thumba la pulasitiki. Chotsani yoola msanga isanaoletse inzake. Inu alimi, kwezerani dothi m'mizere kuti mbatata isaonekere kunja.

Ndiwo za mbatata yophika zimasasa msanga nyengo yotentha. Phikani zokwanira chakudya chimodzi, ndipo zidyedwe zikadali zotentha, pasanathe maola awiri. Zikatsala zivundikireni kuti ntchentche zisaterepo, ndipo musanadyenso zitenthetseni kufikira zitabwata. Sambani m'manja ndi sopo musanaphike, musanadye ndiponso musanadyetse mwana.

KUMBUKIRANI

1. Mbatata ndi chakudya chokhutitsa. Isayende yokha, koma ndi zanyemba, masamba kapena chambiko.

2. Masupuni aakulu awiri a mafuta akwanira ndiwo ya banja lonse, ngati mwayamba ndi kukazingamo zokometsera.

3. Phikani mbatata yabwino ndi makoko ake, ndipo masamba asapse mopitirira.

4. Pokolola nandolo, patulani wa pakhomo musanapite ku msika.

5. Gawo la mwana lipatulidwe tsabola ndi mchere zisanalowe.

6. Mbatata yobiriwira kwambiri kapena yowawa ndi yotaya.

Yambani ndi ndiwo imodzi sabata ino, makamaka chipere cha nandolo ndi mbatata, ndipo mukaidziwa bwino phunzitsaniko anansi anu. Ngati muli ndi funso, alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ndiponso anamwino a kusikelo ali okonzeka kukuthandizani.